Mwana Akufuna Gitala ya Magetsi: Zoyenera Kudziwa Musanatulutse Ndalama

Masabata awiri apitawo mwana wa mlongo wanga, yemwe ali Fomu 2 kuno ku Salima, anandipeza pakhonde foni ili m'manja. "Amalume, taonani iyi. Akuti ndi Fender yeniyeni, ndipo mtengo akuti n'kukambirana." Pachithunzipo panali gitala yofiira, yonyezimira, itatsamira khoma la nyumba ina ku Lilongwe. Mnyamatayu watha chaka akubwereka gitala ya bokosi ya mnzake wa kukwaya, ndipo chionereni mabandi ku Senga Bay nthawi ya Sand Music Festival, pakamwa pake sipachoka nkhani ya gitala ya magetsi. Mayi ake anangoti, "Achimwene, izi ndi zanu," poti ine ndinaimbapo m'bandi ya kutchalitchi zaka zingapo.

Pofunsafunsa ndapeza kuti makolo ambiri ali pampanipani womwewu. Wina akuti mwana ayambe kaye ndi ya bokosi, wina akuti popanda dzina lodziwika ndiye kuti mwataya ndalama, wogulitsa naye akutchula mawu achingerezi omwe kholo silinawamvepo. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu wochokera kunja sagulidwa mwachibwana, ndipo gitala iliyonse ya magetsi yomwe mungaipeze m'sitolo kapena pa Facebook inachita kuoloka malire. Choncho tiyeni tiimasule pang'onopang'ono, kuti pokagula mudziwe pogwira.

Mawu ake amachokera kuti?

Gitala ya bokosi imalira yokha chifukwa ili ndi mimba. Nsambo ikanjenjemera, thabwa lopyapyala la pamwamba limanjenjemera nayo, mphepo ya m'katimo n'kukuza mawu, monga zimakhalira ndi ng'oma. Magitala ambiri a magetsi alibe mimba, thupi lake ndi thabwa lokhalokha. Mukaiimba musanailumikize paliponse, imangolira ngati udzudzu.

Ntchito yonse ili pa tinthu tomwe tagona pansi pa nsambo, totchedwa mapikapu. Musaganize za galimoto yonyamula matumba a mpunga ku Lifuwu, dzina lokha ndilo lafanana. Pikapu ya gitala ndi maginito okulungidwa ndi waya wakopa wopyapyala ngati tsitsi, wozungulira maulendo pafupifupi 8,000. Nsambo yachitsulo ikamanjenjemera pamwamba pa maginitowo, m'wayamo mumabadwa timagetsi tochepa kwambiri tomwe timatsatira kanjenjemeredwe ka nsamboyo. Amene anakwerapo njinga ya dayinamo akudziwa kale nzeru yake: chitsulo ndi maginito zikamayenda moyandikana, waya amatulutsa magetsi. Timagetsi ta gitala n'tochepa moti sitingayatse ngakhale babu la tochi. Timayenda m'kebulo kupita ku amplifaya, bokosi lomwe limatikuza mpaka sipika igwedezeke, makutu amve.

Apa pali zinthu ziwiri zomwe zimadabwitsa makolo. Choyamba, gitalayo siilumikizidwa kukhoma ayi. Yomwe imadya magetsi a ESCOM ndi amplifaya, ndipo kugula gitala yopanda amplifaya kuli ngati kugula bwato lopanda nkhafi. Chachiwiri, nsambo ziyenera kukhala zachitsulo chokokedwa ndi maginito. Nsambo za nayiloni sizingamveke n'komwe. Waya wa mabuleki a njinga, yemwe ambiri tinaphunzirira pa banjo ya chigubu, maginito amamumva ndithu, koma sachunika bwino ndipo amadya zitsulo za pakhosi.

Maonekedwe a magitala omwe mungawaone ndi akale kuposa agogo ambiri. Gitala ya magetsi inayamba kugulitsidwa ku America cha m'ma 1932, koma mitundu yomwe inazika mizu ndi itatu: Telecaster ya Leo Fender yomwe inayamba mu 1950 ili ndi dzina lina, Les Paul ya kampani ya Gibson ya mu 1952, ndi Stratocaster ya Fender ya mu 1954. Pafupifupi gitala iliyonse yotsika mtengo lero inatengera imodzi mwa zitatuzi. Fender anapanga zake kuti khosi lizimangidwa kuthupi ndi masikuluwu anayi, ngati mmene amalumikizira njinga. N'chifukwa chake mtunduwu suvuta kupanga motchipa, komanso suvuta kukonza.

Ayambe ndi ya bokosi kapena ya magetsi?

Mkanganowu ulipo ngakhale pakati pa oimba okhaokha. Omwe amati ayambe ndi ya bokosi ali ndi mfundo: siifuna magetsi, siifuna amplifaya, mwana akhoza kupita nayo pansi pa mtengo wa mango, ndipo zala zimakhwima msanga. Enawo amati kukhwima kwa zalako n'komwe kumathawitsa ana ambiri. Nsambo zisanu ndi imodzi za gitala ya bokosi zimakoka khosi ndi mphamvu yoposa makilogalamu 70, pomwe za gitala ya magetsi zimakoka ndi makilogalamu 40 mpaka 45, osafika pa thumba la chimanga. Nsambo yomasuka imadinika mosavuta. Manotsi ndi makodi ndi amodzimodzi konsekonse, palibe chomwe mwana angaphonye poyambira uku kapena uko. Chomwe ndaona ine n'choti mwana amanyamula kawirikawiri gitala yomwe imalira ngati nyimbo zomwe amakonda.

Mapikapu a mitundu iwiri

Wogulitsa akayamba kunena za single coil ndi humbucker, musachite mantha. Single coil ndi pikapu ya mkulungo umodzi wa waya, yoonda, yokhala ndi timitu tachitsulo tisanu ndi kamodzi pamzere umodzi. Mawu ake ndi owala, akuthwa, ngati kulira kwa belu. Lidi yothamanga ya rumba ya ku Congo, sungura ya ku Zimbabwe, kakhwapu ka rizimu m'nyimbo za reggae ndi zauzimu za kwathu kuno, zonsezi zimamveka bwino ndi mawu otere. Vuto lake n'loti imatola phokoso. Magetsi athu amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi, ndipo single coil imamva kusinthako ngati mlongoti wa wailesi, n'kumang'ung'udza chapansipansi. Mukayandikira tchaja ya foni, inverter ya sola kapena mababu ena, kung'ung'udzako kumakula.

Humbucker inabwera kudzathetsa phokosolo. Anaipanga ndi Seth Lover wa ku Gibson, ndipo inayamba kuikidwa pa Les Paul mu 1957. Ndi mikulungo iwiri yogundizana, yolumikizidwa mosemphana kotero kuti phokoso la mkulungo wina limafafaniza la unzake, mawu a nsambo okha n'kutsala. Imaoneka yonenepa, ndipo mawu ake nawo ndi onenepa, oderako, oyenera nyimbo za rock zomwe gitala imachita kubangula.

Mukaona zilembo ngati SSS, HH kapena HSS pamalonda, akungowerenga mapikapuwo kuyambira kumunsi: S ndi single coil, H ndi humbucker. HSS ili ndi mitundu yonse iwiri, ndipo mwana yemwe sanadziwe njira yake akhoza kulawa zonse. Komanso pa magitala ambiri a SSS, kandodo kosinthira mapikapu kakakhala pamalo achiwiri kapena achinayi mwa malo ake asanu, mapikapu awiri amagwira limodzi ndipo phokoso lija limachepa kapena kutheratu. Mawu a pamalo amenewa ndi omwe oimba lidi ambiri amawakonda kale.

Koma kunena zoona, mapikapu si omwe amasiyitsa mwana gitala. Chomwe chimamusiyitsa ndi khosi.

Khosi: apa ndiye pofunika kukhalitsa

Khosi ndi thabwa lalitali lomwe dzanja lamanzere limagwira. Pamwamba pake pakhomedwa tizitsulo topingasa, mafureti, omwe amakhala 21, 22 kapena 24. Chala chikadinikiza nsambo kuseri kwa fureti, nsamboyo imafupika, mawu n'kukwera. Zonse zomwe mwana adzaphunzire zidzachitikira pamenepa, maola mazanamazana. Gitala yonyezimira ya khosi loipa imathera pamsomali kukhoma. Yokalikakalika ya khosi labwino imaimbidwa mpaka utoto kusuluka.

Choyamba kuyang'ana ndi mpata wa pakati pa nsambo ndi mafureti, womwe oimba amautcha action. Ukakula, mwana amalimbana ndi nsambo ngati akukoka khoka, zala n'kutupa, makodi osamveka. Ukachepa kwambiri, nsambo zimakhudza mafureti ena n'kumachita phokoso ngati nyenje. Muyeso wabwino pa fureti ya nambala 12 ndi mamilimita pafupifupi 1.6 pansi pa nsambo yaing'ono kwambiri, ndi 2 kapena kuposerako pang'ono pansi pa yaikulu. Simufunika chida chapadera. Khadi ya ATM kapena chiphaso cha unzika ndi yochindikala mamilimita 0.76. Makhadi awiri ophatikiza alowe bwinobwino pansi pa nsambo yaing'ono, atatu pansi pa yaikulu. Mukaona kuti makhadi anayi kapena asanu akulowa n'kutsalabe mpata, funsani chifukwa chake.

Nthawi zambiri chifukwacho n'chokonzeka. M'kati mwa khosi muli ndodo yachitsulo, truss rod, yomwe imalimbana ndi kukoka kwa nsambo. Ikamangidwa pang'ono ndi kiyi wa makona asanu ndi limodzi, khosi limawongoka, ikamasulidwa limapindikira kutsogolo. Kuti muone mmene lilili, dinikizani nsambo yaikulu pa fureti yoyamba ndi pa yomaliza nthawi imodzi, kenaka yang'anani pakati, cha pa fureti ya 7 kapena 8. Payenera kutsala kampata kongokwana pepala lolimbirako. Kampata kakakula kwambiri, ndodoyo ikufunika kumangidwa. Apa pempho langa n'limodzi: pa gitala ya kaunjika, uzani wogulitsa atembenuze kiyiyo pang'ono inu mukuona. Ndodo ikakhala kuti inathyoka kapena mutu wake unadyeka, khosilo lilibenso mankhwala apafupi, ndipo mtengo wokonzera ukhoza kuposa wa gitalayo.

Chosakonzeka china ndi khosi lopotoka. Ikani thupi la gitala pansi, mutu wake pafupi ndi diso lanu, muyang'ane motsetsereka monga kalipentala amaonera thabwa. Mafureti aoneke ondondozana ngati njanji ya sitima ya ku Chipoka. Kupindika pang'ono ngati uta si vuto. Koma mbali imodzi ikakwera ina n'kutsika, ngati chitseko chomwe chinanyowa ndi mvula, isiyeni ngakhale atsitse mtengo chotani.

Kenaka yendetsani chala m'mphepete mwa khosi, uku ndi uku. Nsonga za mafureti zisabaye. Magitala otchipa amabwera kawirikawiri ndi nsonga zakuthwa, ndipo m'chilimwe thabwa likauma n'kufota, zimatulukira kwambiri. Izi mmisiri wodekha amazisalaza ndi tupa, si chifukwa chokanira gitala, koma n'chifukwa chotsitsira mtengo. Imbani nsambo iliyonse pa fureti iliyonse, kuyambira kumutu mpaka kumunsi. Zimatenga mphindi zisanu ndipo wogulitsa akhoza kuyamba kuyang'ana kumbali, musamumvere chisoni. Mukufuna kumva ngati pali malo omwe mawu amafa kapena kulira kawiri. Pa ya kaunjika yang'ananinso mafureti atatu oyamba: ngati nsambo zinakumba maenje akuya, gitalayo inagwira ntchito yake kale.

Chomaliza pakhosi ndi kuona ngati gitalayo imanena zoona. Ikani pafoni pulogalamu yochunira, zaulere zilipo zambiri. Chunani nsambo zonse, kuyambira yaikulu: E, A, D, G, B, E. Ndiye imbani nsambo osadinikiza, kenaka muidinikize pa fureti ya 12. Foni ionetse chilembo chomwecho, kamuvi kali pakati. Kakapatuka pang'ono, timipando tomwe nsambo zimakhalira kumunsi timasunthidwa ndi sikuludiraiva mpaka zilingane. Kakapatuka kwambiri chonsecho timipandoto tafika kale pamapeto, gitalayo inapangidwa molakwika, ndipo mwana adzakhala akudziimba mlandu wa makodi onyenga pomwe cholakwa si chake. Mukatero kokani nsambo iliyonse pang'ono, imbani kwa mphindi zingapo, muyang'anenso pafoni. Makiyi ochunira olobodoka, ozungulira osagwira kanthu, amaonekera pamenepa.

Kukonza zonsezi pamodzi, ndodo, mpata wa nsambo ndi timipando, oimba amati setup. Mafakitale a magitala otchipa amathamangira ntchito imeneyi, chifukwa imadya nthawi ya munthu. N'chifukwa chake magitala awiri a dzina limodzi, ochokera m'katoni imodzi, amatha kusiyana ngati usana ndi usiku. Woimba lidi wa bandi ya kutchalitchi kwanu mwina amaidziwa ntchitoyi. Mutengeni pokagula, mumulipirire minibasi ndi nkhomaliro.

Msinkhu, kulemera, ndi kandodo konyengerera

Kutalika kwa nsambo kuchokera kumutu kufika pa timipando kumasiyana. Magitala otengera Fender ndi mamilimita 648, otengera Gibson ndi 628. Yofupikirapo imakhala yofewerako ndipo mafureti amayandikana, zomwe zimathandiza wa zala zazifupi. Aliponso ang'onoang'ono a mamilimita pafupifupi 580, opangira ana. Wa zaka 13 kapena kuposa, mnyamata kaya mtsikana, nthawi zambiri amakwana pa yaikulu, ndipo yaing'onoyo angaipitirire chaka chisanathe. Kulemera nako kuganiziridwe: ya mtundu wa Stratocaster imakhala cha m'ma kilogalamu atatu ndi theka, ya mtundu wa Les Paul imafika anayi kapena kuposa. Mwana aikoleke paphewa ndi lamba, aime nayo kwa kanthawi. Ngati ndi wamanzere, nenani msanga. Magitala a amanzere alipo koma ndi osowa, ndipo ambiri amanzere amangophunzira ngati anzawo. Zimenezi mwana asankhe yekha asanazolowere.

Pali kandodo kena kopindika komwe kamalendewera kumunsi kwa magitala ambiri, tremolo. Mukakakankha, nsambo zonse zimamasuka, mawu n'kutsetsereka. Ana amakakonda kwambiri. Tsoka lake, pa gitala yotchipa nsambo sizibwerera pomwe zinali, ndiye mukakagwira kamodzi, kuchunanso. Si chifukwa chokanira gitala: kandodoko kamazulidwa, masipuling'i a kumsana n'kumangidwa kuti chitsulo chomwe chagwira nsambo kumunsi chigone pathabwa, nkhani yatha. Wosiyana ndi mtundu wa Floyd Rose, womwe umatsekera nsambo ndi maloko kumutu ndi kumunsi. M'manja mwa katswiri ndi wabwino, koma nsambo imodzi ikaduka zonse zimasokonekera, ndipo kusintha nsambo kumasanduka ntchito ya masana onse. Wophunzira sakufunika mtolo umenewu.

Za maina olembedwa kumutu

Makampani akuluakulu ali ndi magitala awo otsika mtengo. Squier ndi ya Fender, ndipo yakhala ikupanga magitala kuyambira 1982. Epiphone inagulidwa ndi Gibson mu 1957. Yamaha ili ndi Pacifica, yomwe inayamba mu 1990 ndipo mitundu yake yotchipa imabwera ndi HSS. Ibanez ili ndi GIO, ndipo Cort ya ku South Korea imapanga ake komanso imapangira makampani ena. Ambiri mwa magitalawa amapangidwa ku Indonesia kapena ku China, ndipo kunja amagulidwa pa madola apakati pa 150 ndi 300 asanakwere ndege, asanalipire msonkho. Choncho mawu oti China kumbuyo kwa mutu si umboni woti gitala ndi yachabe. Dzina lodziwika limakupatsani zinthu ziwiri: mwayi waukulu woti mafureti anakhomedwa pamalo ake, ndi mtengo wabwinoko tsiku lomwe mudzafune kuigulitsa. Yopanda dzina lodziwika ikhoza kukhala yabwino ndithu, kungoti pamafunika kuiyesa mosamala kwambiri.

Nanga Fender ya mphwanga ija? Fender yeniyeni yatsopano, ngakhale yotsikitsitsa, imaposa madola 500, ndipo Les Paul ya Gibson imaposa 1,000. Mukaona dzina lotere pa mtengo wa njinga ya kabaza, mwina mwiniwake sakudziwa chomwe ali nacho, zomwe sizichitikachitika, mwina ndi yakuba, mwina dzinalo linangomatidwa. Kawirikawiri ndi chachitatuchi. Gitala yomatidwa dzina ikhoza kuimbika, koma muilipire monga yopanda dzina, osati monga Fender.

Kogula nako kuli ndi zake. M'masitolo a zoimbira ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 100 pamsewu wa M14, mumaigwira ndi manja musanalipire, ndipo mukhoza kupempha lisiti. Ya kaunjika ya pa Facebook kapena WhatsApp imatsika mtengo, koma musatumize ndalama pafoni musanaione ndi maso, ndipo kumanani pamalo pomwe pali amplifaya yoyesera. Gwedezani pulagi ya kebulo pamene yalowera, tembenuzani timabatani tonse, sunthani kandodo ka mapikapu. Kukhetchera pang'ono ndi fumbi kapena waya womasuka, ndipo wokonza mawailesi pa Kamuzu Road akhoza kuwotcherera. Ngati mwatuma m'bale wa ku Johannesburg, kumbukirani msonkho wa pachipata, ndipo muuzeni kuti gitala ya khosi la masikuluwu ikhoza kumasulidwa n'kulowa m'sutukesi pakati pa zovala. Ya mtundu wa Les Paul khosi lake nthawi zambiri limakhala lomatidwa ndi guluu, mutu wake unapendekera kumbuyo, ndipo ndi womwe umathyoka katundu akapanikizana m'basi.

Amplifaya ndi magetsi a kwathu

Apa ndi pomwe bajeti za makolo ambiri zimagwera. Ndalama zonse zapita ku gitala, kenaka mwana akufunsa polumikiza. Muwerengeretu amplifaya, kebulo, lamba, chikwama, mapiki angapo (tizidutswa ta pulasitiki tokhwapulira nsambo) ndi paketi ya nsambo yapadera. Mwa kuona kwanga, gitala yokha isadye kuposa magawo awiri mwa atatu a ndalama zomwe muli nazo. Masitolo ena amagulitsa zonsezi m'katoni imodzi. Mtengo wake umakoma, koma kebulo ndi chikwama cha m'katonimo sizikhalitsa, ndipo gitalayo muiyese ngati mmene mungayesere ina iliyonse.

Ya m'nyumba siifunika kukula. Mawati 10 mpaka 20 ndi okwana kudandaulitsa aneba. Yang'anani kuti ikhale ndi polowetsa mahedifoni, ndiponso polumikiza foni kuti mwana aziimba motsatira nyimbo. Ambiri amafunsa ngati sabufa ya pabalaza singagwire ntchitoyo. Mawu amatuluka, koma ofooka ndi osakoma, chifukwa khomo lake linapangidwira foni kapena TV, osati timagetsi ta pikapu. Ndipo mnzake akabwera ndi gitala ya besi, asailowetse m'kaamplifaya ka gitala n'kukweza mawu, sipika yake yaing'onoyo ingang'ambike.

Za kuthimathima kwa magetsi sindifunika kukuuzani, ngakhale kuno ku Salima kuli munda wa sola wa mamegawati 60 ku Nanjoka chiyambire 2021. Nyumba zambiri za kumidzi zilibe n'komwe waya wa ESCOM. Mwamwayi kuli tiamplifaya toyendera mabatire. Ena ndi timabokosi ta mawati atatu todya mabatire asanu ndi limodzi a AA. Ena ndi ang'ono ngati bokosi la machesi, amalowa pagitala penipeni, mwana n'kuvala mahedifoni, mabatire awiri a AAA basi. Kwa wophunzira wa ku Thavite kapena Khombedza, kotereka kakhoza kuthandiza kuposa chibokosi chachikulu chodikira magetsi. Kuipa kwake n'koti sangaimbe ndi anzake mpaka atapita komwe kuli zokuzira mawu, ndiponso makutu amafunika kuwasamala: mahedifoni okweza kwambiri amaononga pang'onopang'ono osamva kupweteka.

Tsopano nkhani ya ngozi, yomwe ndikupempha kuti muiwerenge kawiri. Magetsi a ku Malawi ndi mavolti 230. Amplifaya yopangidwira ku America imayembekeza mavolti 120, ndipo mukailowetsa kukhoma popanda chotsitsira mphamvu, imapsa nthawi yomweyo. Werengani kachikwangwani ka kumbuyo musanagule ya kaunjika. Za ku South Africa mphamvu yake ndi yofanana ndi yathu, pulagi yokha ndiyo ya mano ozungulira. Isintheni ndi yathu ya mano atatu, bwinobwino, waya wa ethi ali pamalo pake. Chizolowezi chathu chodula pulagi n'kulowetsa mawaya awiri m'soketi ndi kamtengo ka machesi n'choopsa kwambiri pa gitala kuposa pa wailesi. Chifukwa chake n'chakuti nsambo za gitala zinalumikizidwa dala, kudzera m'kebulo, ku chitsulo cha amplifaya, kuti phokoso lichepe. Amplifaya ikaonongeka m'kati pomwe ilibe ethi, magetsi amafunafuna njira yopita pansi, ndipo njirayo ndi mwana yemwe wagwira nsambo, wopanda nsapato, pa simenti, manja ali thukuta. Akanena kuti nsambo zikumuluma, kapena kuti maikolofoni ya kutchalitchi yamutsina pamlomo ali ndi gitala m'manja, zimitsani zonse muitane wodziwa zamagetsi.

Nsambo ndi nyengo ya kunyanja

Nsambo zimagulitsidwa ndi manambala. Paketi yolembedwa 9-42 ndi yopyapyala, yofewa, yoyenera woyamba. Ya 10-46 ndi yolimbirako. Onetsetsani kuti palembedwa kuti ndi za gitala ya magetsi, chifukwa za ya bokosi zimakutidwa ndi mkuwa womwe maginito saumva bwino. Yaing'ono kwambiri ndiyo imaduka kawirikawiri, ndipo kuno sizipezeka pa golosale iliyonse, choncho mukapita ku Lilongwe tengani mapaketi awiri.

Anthu amati mphepo ya kunyanja imadya zitsulo. Nyanja yathu ilibe mchere, mchere uli m'thukuta la woimba. Kutentha kwa October ndi chinyezi cha dzinja zikakumana ndi thukutalo, nsambo zatsopano zimachita dzimbiri m'masabata ochepa, ndipo nsambo yadzimbiri imacheka zala n'kudya mafureti. Kansalu kouma kopukutira akamaliza kuimba kamatalikitsa moyo wake kwambiri. Gitala isasiyidwe padzuwa, kapena kupachikidwa pafupi ndi malata, kapena kutsamira khoma lomwe limanyowa. Khosi ndi mtengo, limafufuma m'dzinja n'kufota m'chilimwe, ndiye musadabwe mpata wa nsambo ukasintha pakati pa February ndi October. Ndi nthawi yotembenuza pang'ono kiyi wa ndodo ya m'khosi ija, osati yogula gitala ina.

Loweruka lapitali tinakwera minibasi ya m'mawa, ine ndi mphwanga, makhadi atatu ali m'thumba. Fender yofiira ija inameza makhadi onse atatu n'kutsala mpata woti chala cha kanise chilowe, ndipo kiyi atamulowetsa anangozungulira osagwira kanthu. Mnyamatayo anakhumudwa mpaka anakana chipisi. Madzulo tinapeza ina yakuda, yokalika pamimba, dzina lake sindinalimvepo, koma khosi lake linali lowongoka ndipo foni inavomereza nsambo zonse pa fureti ya 12. Zotsala zinakwana kaamplifaya ka mabatire ndi mapaketi awiri a 9-42, chikwama tidzasoketsa kwa telala. Mayi ake aika kale lamulo: ikakwana 8 koloko usiku ndi mahedifoni okhaokha, ndipo mayeso a JCE akayandikira gitalayo idzakagona kwa amalume.